WOPULUMUTSA ANZACE ADZAMCHINJIRIZA NDANI?

Ngozi ikagwa, anthu ambiri amathawa pamalopo, koma pali ena owerengeka amene nchito yao ndi kuthamangira komweko. Amenewa ndi apolisi, ozimitsa moto, a ambulansi, pamodzi ndi anamwino amene amalandira wodwala pa khomo la cipatala. Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, koma sanatiuze kuti wozimayo akapsa manja adzamzimira ndani. Funso limeneli lakambidwa kwa zaka zingapo m'nyumba za malamulo za dziko la United States of America. Ngakhale dzikolo liri kutsidya kwa nyanja, mlandu wace ngwoyenera kuti ife a kumidzi tiumvetsetse, pakuti muli phunziro la momwe lamulo labwino limapangidwira ndi momwe lingasokerere.

Ganizo lathu pa tsamba lino nali. Munthu wopulumutsa anzace ayenera kuchinjirizidwa ndi lamulo, ndipo pamenepa palibe mtsutso. Koma lamulo lotere limathandiza pokhapokha aphungu atayamba afunsa kwa odziwa kuti ciphe cimalowa bwanji m'thupi la munthu. Lamulo lolembedwa ndi dzanja lonjenjemera ndi mantha lingathe kudzaza ndende, wopulumutsa uja nkukhalabe wopanda ngakhale magolovesi.

GWERO LA NKHANI

Kuli mankhwala ochedwa fentanyl, amene anapangidwa ndi katswiri wa ku Belgium, Paul Janssen, zaka zoposa 60 zapitazo. M'manja mwa dokotala ndi mankhwala abwino ndithu. Amaletsa ululu pa nthawi ya opaleshoni, ndipo amatonthoza odwala khansa amene ululu wao wakana mankhwala ena. Mphamvu yace imaposa ya morphine mpaka ka 100. Mphamvu yomweyo ndiyo inakopa anthu a malonda a mumdima, amene anayamba kuwapanga mobisa, kuwasakaniza ndi mankhwala ena osokoneza bongo, kapena kuwaumba kuti aoneke ngati mapiritsi a kucipatala. Mamiligalamu 2 okha, ndiko kuti kaufa kolingana ndi timibulu towerengeka ta mcere, angathe kupha munthu amene wameza, wakokera m'mphuno kapena wadzibaya nao.

Zotsatira zace zinali maliro osaneneka. M'zaka za 2021, 2022 ndi 2023, caka ciri conse anthu oposa 100,000 anafa m'dzikolo cifukwa ca kumwa mankhwala osokoneza bongo mopyola muyeso, ndipo mwa iwo oposa 70,000 pa caka anaphedwa ndi fentanyl ndi mankhwala a mtundu wace. Mu 2024 ciwerengero cinatsika kufika pafupifupi 80,000, komabe cimeneco ndi cinamtindi ca anthu. Pa zambiri za imfa zimenezi, ndi pa anthu enanso ambiri amene anapulumuka, panafika wapolisi kapena wa ambulansi amene anagwira thupi la wodwalayo, zobvala zace ndi za m'matumba mwace. Nkosadabwitsa tsono kuti anchito amenewa anayamba kudera nkhawa moyo wao.

Nkhawayo inakula msanga. Mu 2016 bungwe la boma la America lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, la DEA, linatulutsa kanema wocenjeza apolisi kuti fentanyl wocepa cabe akawakhudza pakhungu angathe kuwapha. Mu May 2017 wapolisi wina wa m'tauni ya East Liverpool, m'cigawo ca Ohio, atatha kufufuza galimoto la anthu oganiziridwa mlandu, anasansa ndi dzanja kaufa koyera kamene kanatsalira pa malaya ace. Posakhalitsa anagwa pansi, ndipo anampatsa mankhwala otsitsimutsa kangapo konse. Mbiri yace inawanda dziko lonse. Mu August 2021 apolisi a ku San Diego, m'cigawo ca California, anaonetsa kanema wa mnzao akugwa cagada atayandikira ufa wotere, ndipo anthu osawerengeka anaonera nagwidwa nthumanzi.

NJIRA ZIWIRI

Aphungu ataona izi anayamba kulemba mabilu, ndiwo malamulo oyembekezera kukambidwa ndi kubvomerezedwa. Mabiluwo anatsata njira ziwiri zosiyana.

Njira yoyamba ndi ya zida ndi maphunziro. Mu January 2018 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lochedwa INTERDICT Act, lopereka ndalama zogulira makina ozindikira fentanyl kwa anchito a m'malire a dziko, kuti adziwe za m'katundu mosacedwa. Mu 2023 phungu David Joyce wa ku Ohio, ndiponso mu 2025 phungu Chuck Grassley wa ku Iowa, anabweretsa ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonselo, bilu yochedwa Protecting First Responders from Secondary Exposure Act. Colinga cace cinali cakuti ndalama za boma zithandize apolisi ndi opulumutsa a m'zigawo kugula ziwiya zotsekeramo mankhwala ogwidwa, ndi kuphunzira kagwiritsidwe kace.

Njira yaciwiri ndi ya cilango. Mu April 2024 bwanamkubwa wa cigawo ca Florida, Ron DeSantis, anasaina lamulo lakuti munthu wamkulu wosunga fentanyl popanda cilolezo, akacititsa kuti wopulumutsa akhudzane ndi mankhwalawo nkudwala nao kwambiri, ali ndi mlandu waukulu umene cilango cace cingafike zaka 15 m'ndende. Aphungu a zigawo zina anabweretsanso mabilu ofanana ndi lamulo limeneli.

Munthu pakumva izi angaombe m'manja pa njira zonse ziwiri, pakuti ndani sakondwa kuona wopulumutsa akulemekezedwa ndi wocimwa akulangidwa? Komatu cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tisanaombe m'manja timve kaye mau a anthu amene moyo wao wonse aphunzira za ciphe.

ODZIWA ANENA CIANI?

Mu 2017 mabungwe awiri a madokotala ndi akatswiri a za ciphe, American College of Medical Toxicology ndi American Academy of Clinical Toxicology, analemba cikalata cimodzi pa nkhaniyi. Iwo anati mpata wakuti wopulumutsa adwale cifukwa ca kungokhudza ufawu ngwocepa zedi. Khungu la munthu ndi linga lolimba, ndipo ufa wouma sulowa msanga. Kucipatala kuli zomata pakhungu zonga pulasitala, zopangidwa mwaluso ndi colinga cakuti fentanyl alowe m'thupi. Akatswiriwo anawerengera kuti ngakhale munthu atamata zikhato zace zonse ziwiri ndi zimenezi, pangapite mphindi 14 kuti alandire mlingo wonga umene dokotala amapatsa wodwala poletsa ululu. Anawerengeranso za mpweya, napeza kuti m'fakitale yopangira fentanyl, pamalo pamene ufa uli woculuka koposa mumpweya, munthu wosabvala cophimba pamphuno angakhale mphindi pafupifupi 200 asanakoke mlingo womwewo.

Palinso umboni wa zizindikiro. Munthu amene fentanyl wamgwira amaodzera, kupuma kwace kumacepa mpaka kuleka, ndipo kamwana ka diso kamacepa ngati nsonga ya singano. Koma ambiri mwa apolisi amene anagwa anasimba za cizungulire, kugunda kwa mtima mothamanga, kupuma mwaphuma, thukuta ndi dzanzi m'manja. Zimenezi ndi zizindikiro za mantha aakulu, ndipo nzosiyana kwambiri ndi zoyamba zija. Ncifukwa cace madokotala ambiri anatsutsa poyera kanema wa ku San Diego uja.

Pamenepa ticenjere, tisaseke apolisiwo kapena kuwayesa onama. Kugwa kwao kunali kwenikweni. Munthu amene mkulu wace wamuuza kuti kaufa aka kakakukhudza wafa, ndiyeno aona kaufako pa malaya ace, thupi lace limamvera mau aja. Ife a kumudzi tidziwa za munthu woponda luzi usiku nayesa njoka, momwe thukuta limatulukira, miyendo nkulefuka, mpaka ena kukomoka. Wolakwa si wapolisi amene anagwa. Colakwa ciri pa maphunziro amene anampatsa.

MANTHA NAONSO AMAPHA

Wina angafunse kuti, nanga cikuipa nciani ngati anthu acenjera mopitirira? Kodi kucenjera kunapha munthu? Yankho lace nlakuti inde, pa nchito iyi kucenjera kosayenera kumapha, ndipo kumapha m'njira zingapo.

Munthu amene waleka kupuma ali ndi mphindi zowerengeka cabe bongo wace usanayambe kuonongeka. Wopulumutsa akaima patali poopa kumkhudza, kapena akayamba wafuna cobvala cophimba thupi lonse cimene sicifunika, mphindi zimenezo zimatha. Wodwala amene akadatsitsimuka amafa, pomwe mankhwala omdzutsa ali m'thumba la womuopayo.

Ganiziraninso za munthu woitana cithandizo. Kawirikawiri amene amakhala pafupi ndi wokomoka ndi mnzace womwa naye mankhwalawo. Iye akadziwa kuti wapolisi akafika nkugwa pansi adzalowa m'ndende zaka 15, adzayamba waganiza kawiri asanaimbe lamya, mwinanso adzathawa nkusiya mnzace ali yekha. Zigawo zambiri za America zinapanga kale malamulo ochinjiriza munthu woitana cithandizo ndi mtima woona, cifukwa ca bvuto lomweli. Ngakhale lamulo la Florida lija linaonjezera citetezo cotere, ndipo ici cisonyeza kuti olembawo anaona okha dzenje limene anali kukumba. Koma munthu wamantha pakati pa usiku sawerenga ndime za lamulo. Iye amangokumbukira zimene anamva, zakuti kuitana apolisi nkudziitanira ndende.

Pali nkhani ya cilungamo. Ngati wapolisi wakomoka ndi mantha, ndipo bwalo lilanga munthu ngati kuti anamdyetsa ciphe, ndiye kuti munthuyo walangidwa pa cinthu cimene sicinacitike. Mlandu wosunga mankhwala oletsedwa ali nao ndithu, ndipo alangidwe pa umenewo. Koma bwalo limene lisiya kufunsa umboni wa kupima magazi lataya muyeso wace, ndipo muyeso ukatayika pa wocimwa lero, mawa udzatayika pa wosacimwa.

Tisaiwalenso wopulumutsa mwini wace. Nchito yace njolemera kale. Kumsenzetsa mantha a imfa tsiku ndi tsiku pa cinthu cimene sicingamuphe ndi kumlakwira, ngakhale kutacitidwa m'dzina la kumkonda.

Alipo amene amati wogulitsa imfa sayenera cifundo, ndipo wapolisi ayenera kuona kuti dziko liri kumbuyo kwace. Mau amenewa ngoona, ndipo sitiwatsutsa. Koma malamulo olanga wosunga ndi wogulitsa mankhwalawa analipo kale, ndipo munthu amene mwadala awaza ufa m'maso mwa wapolisi ali kale ndi mlandu womenya munthu wa boma. Zoopsa zenizeni ziripo: kubayidwa ndi jakisoni wogwiritsidwa kale nchito amene angapatse munthu HIV kapena matenda a ciwindi, ufa kulowa m'kamwa, m'mphuno kapena m'maso, ndi kulowa m'nyumba zopangira mankhwala mobisa. Zochinjiriza zace nzodziwika ndipo sizidula: magolovesi, cophimba pamphuno ngati ufa uli kuuluka, madzi ndi sopo. Akatswiri aja anacenjeza kuti mankhwala opaka m'manja okhala ndi spiriti sacotsa ufawu, cotero madzi ndiwo ofunika. Pamwamba pa izi pali naloxone, mankhwala amene amabwezeretsa kupuma kwa munthu wogwidwa ndi fentanyl, amene mu March 2023 boma la America linalola kuti azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Ndende siipereka ngakhale cimodzi mwa zinthu zimenezi.

PAMENE CIPHE CINALI CENICENI

Tisaganize kuti opulumutsa sadwala ndi ciphe. Amadwala ndithu, ndipo mbiri iri ndi umboni wowawa.

Pa 20 March 1995 gulu lina la cipembedzo cosokera, Aum Shinrikyo, linatulutsa mpweya wa ciphe wochedwa sarin m'masitima oyenda pansi pa nthaka mu mzinda wa Tokyo, ku Japan. Anthu oposa 10 anafa ndipo zikwi zinabvulala. Mwa anchito 1,364 ozimitsa moto ndi a ambulansi amene anathamangirako, 135 anadwala nao. Pa cipatala ca St Luke's anamwino ndi madokotala ambiri anayamba kumva mutu ndi maso kuwawa, pakuti odwala analowa ndi zobvala zao zomwe zinali kutulutsabe mpweya uja. Cimene cinasowa tsiku limenelo ndi zophimba, malo obvulira ndi kusambitsira odwala, ndi cidziwitso.

Pa 11 September 2001, pamene zigawenga zinagwetsa nyumba ziwiri zazitali mu mzinda wa New York, ozimitsa moto 343 anafera pomwepo. Anzao anakhala miyezi akufukula m'mabwinja, akupuma utsi ndi fumbi la simenti, magalasi ndi zina zoipa. Patapita zaka anayamba kudwala cifuwa cosatha, matenda a m'mapapo ndi khansa. Lamulo lowapatsa cithandizo ca mankhwala ndi cipukuta misozi, lochedwa ndi dzina la wapolisi James Zadroga amene anamwalira mu 2006, linasainidwa mu January 2011, patapita zaka zoposa 9. Pofika September 2023, anchito a gulu lozimitsa moto la New York amene anafa ndi matenda a fumbi lija anakwana 343, kulingana ndi aja anafa tsiku la ngozi. Ndipo mu 2022 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inalengeza kuti nchito yozimitsa moto iri m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa.

Awerengi, taonani kusiyana kwace. Pamene coopsa cinali ca m'maganizo, mabilu a cilango anabwera mothamanga. Pamene coopsa cinali m'mapapo mwa anthu, odwala anadikira zaka zoposa 9, ena nafa asanaone cithandizo. Cifukwa cace sicibvuta kuciona. Kuonjezera zaka za ndende sikulira ndalama pa tsiku losaina, ndipo kumapatsa wandale dzina la munthu wolimba mtima. Kugula zida, kuphunzitsa anchito ndi kusamala odwala kufikira imfa yao kumalira ndalama caka ndi caka. Cotero pofuna kudziwa ngati lamulo likondadi wopulumutsa, tiyang'ane cimene liika m'manja mwace.

NANGA KUNO KWATHU?

Fentanyl wa mumdima sanasanduke mliri m'midzi mwathu, ndipo tipemphe kuti zisatero. Koma ciphe cimene cingagwire wopulumutsa tiri naco, ndipo cimagona nafe m'nyumba. Ciri kuseri kwa citseko, pansi pa kama ndi pafupi ndi nkhokwe.

Mu 2000, m'cigawo ca Georgia ku America komweko, munthu wina anamwa mankhwala ophera tizirombo ta ziweto. Anafika naye kucipatala osamsambitsa, ndipo anchito anamgwira opanda zodzichinjiriza nazo. Atatu mwa iwo anadwala, mmodzi mpaka anagonekedwa. Mankhwalawo anali a gulu lochedwa organophosphate, ndilo gulu lomwelo la mankhwala ambiri amene timapopera thonje ndi ndiwo za kudimba, ndi ena osambitsira ng'ombe. Amenewa ngosiyana ndi ufa wa fentanyl, pakuti amalowadi pakhungu, makamaka akanyowetsa zobvala, ndipo amatsalira m'masanzi a wodwala. Wogwidwa nao amatuluka malobvu ndi thukuta lambiri, amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo cifuwa cimadzaza madzi. Mankhwala oyamba omthandiza ndi atropine.

Palinso mapiritsi ofukizira cimanga cosungidwa m'matumba, a aluminium phosphide. Akakumana ndi cinyezi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo palibe mankhwala othetsa ciphe cace. Mu January 2017, mu mzinda wa Amarillo ku Texas, ana 4 a banja limodzi anafa mankhwala a mtundu umenewu ataikidwa pansi pa nyumba yao nkuthiridwa madzi. Wolowa m'nyumba yotere kukatulutsa anzace amapuma mpweya womwewo.

Ngozi zazikulu nazonso sitizisowa. Mu February 2025 damu losungira zotsalira za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi nalowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu zinapserera, ndipo madzi a m'mipope anatsekedwa mu mzinda wa Kitwe. Pa miseu yathu, kuphatikizapo Great East Road, pamayenda magalimoto onyamula mafuta, feteleza ndi mankhwala usana ndi usiku. Limodzi likagubuduzika pakati pa midzi, ozimitsa moto ali kutali ku boma. Woyamba kufika ndi mlimi wocokera kumunda, mnyamata wa ngolo, wapolisi wa pa kapolisi kakang'ono, ndipo wolandira obvulala ndi namwino mmodzi wa pa kiliniki. Kumudzi wopulumutsa ndi inu ndi ine.

Maziko a malamulo tiri nao. Mu 1999 Nyumba ya Malamulo yathu inapanga lamulo la cipukuta misozi ca anchito obvulala kapena odwala cifukwa ca nchito. Mu 2010 inapanga la umoyo ndi citetezo pa nchito, ndipo mu 2011 la kasamalidwe ka cilengedwe, limene linapatsa bungwe la ZEMA udindo woyang'anira mankhwala a ciphe. Koma lamulo la m'buku ndi magolovesi a pa shelefu ya kiliniki ndi zinthu ziwiri. Tsiku limene aphungu athu adzakamba za citetezo ca opulumutsa, tifuna kuti atenge njira yoyamba ija, ndipo ayang'ane mfundo izi.

Coyamba, lamulo lichule zida zimene ziyenera kupezeka pa kiliniki iri yonse, pa polisi ndi mu ambulansi: magolovesi, zophimba pamphuno ndi m'maso, apuloni ya pulasitiki, sopo ndi madzi. Lichulenso ofesi imene idzayankha zikasowa, ndi thumba limene ndalama zace zidzacokera.

Caciwiri, maphunziro a anchito alembedwe ndi odziwa za ciphe, ndipo aphunzitse zonse ziwiri, cimene ciri coopsa ndi cimene siciri coopsa. Alangizi a zaulimi ndi anchito a zaumoyo a m'midzi aphunzitsidwenso, m'zilankhulo zathu, kuti cidziwitso cifike kwa mlimi.

Cacitatu, mankhwala othetsa ciphe, makamaka atropine, asasowe m'zipatala za kumidzi pa nyengo ya dzinja pamene kupopera kuli pakati.

Cacinai, wanchito ali yense wokhudzidwa ndi ciphe alembedwe m'kaundula, apimidwe, ndipo akadwala pambuyo pace alandire cithandizo mosadikira zaka monga anadikirira a ku New York. Anthu ongodzipereka, amene salandira malipiro koma amanyamula odwala, asaiwalidwe.

Cacisanu, munthu woitana cithandizo kapena wonena zoona za cimene wodwala wamwa achinjirizidwe. Mabanja ambiri amabisa cifukwa ca manyazi kapena kuopa mlandu, ndipo namwino amagwira wodwala osadziwa cimene ali kugwira. Cilango cisungidwire wocita mwadala, ndi wamalonda amene amathira mankhwala a mbeu m'mabotolo a zakumwa opanda cizindikiro nkumagulitsa pamsika, pakuti iyeyu amaika pangozi mwana, mlimi ndi namwino pamodzi.

TISANADIKIRE LAMULO

Pali zina zimene mudzi uli wonse ungacite lero. Mukapeza munthu wogwidwa ndi mankhwala a mbeu, bvalani mapepala a pulasitiki m'manja ngati magolovesi palibe. Mtulutseni panja pa mpweya wabwino, mbvuleni zobvala zonyowa ndi mankhwala, ndipo msambitseni ndi madzi ambiri ndi sopo. Musamsanzitse, musampatse mkaka, ndipo musampumire m'kamwa ndi pakamwa panu. Mgonekeni cammbali kuti asatsamwe, mazenera a galimoto akhale otsegula, ndipo thamangani naye kucipatala mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo. Mukafika nenani zoona zokhazokha, pakuti mau anu achinjiriza wodwala ndi namwino yemwe. Matumba ofukizidwa ndi mapiritsi asasungidwe m'nyumba yogonamo anthu, ndipo botolo la mankhwala likatha lisasanduke cotungira madzi.

Nkhani ya ku America itiphunzitse kufunsa. Phungu wanu kapena khansala akadza pa msonkhano, mfunseni ngati pa kiliniki yanu pali magolovesi ndi atropine. Mafumu ndi nyakwawa aike nkhaniyi pa bwalo nyengo ya kupopera isanafike. Wina akadzabwera ndi lamulo lonena kuti lichinjiriza opulumutsa, timlandire ndi ulemu, koma timfunse mafunso awiri: kodi odziwa za ciphe abvomereza, nanga lamulolo liika ciani m'manja mwa namwino ndi wapolisi? Anthu a ku Tokyo ndi New York analipira phunziro limeneli ndi moyo wao, ndipo ife talilandira kwaulere. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.